Nyimbo ya Yotamu ndi Jenereta ya a Zimba

Ine ndine dalaivala. Sindiimba, ndale sindizidziwa. Ndimayendetsa lole ya mlamu wanga, yakalekale, ya matani asanu ndi awiri. Ntchito yake ndi mchenga, njerwa ndi maliro. Kwaya ndinanyamulapo kamodzi, mu 1995. Kamodziko kanakwana.

Anandipeza kwathu ku Biwi ndi a Gondwe, wapampando wa kwaya ya anthu akumpoto a ku Area 25. Anabwera atavala suti dzuwa likuswa mtengo. Anati akufuna lole yopita ku Nkhata Bay ku mwambo wa pa 3 Malichi, wokumbukira anthu amene anaomberedwa kumeneko mu 1959 pofuna ufulu. Analankhula ola lathunthu. Ine ndinafunsa ziwiri: anthu angati, katundu wanji. Anati anthu makumi atatu ndi ng'oma imodzi, basi.

Ana amene akukula pano sadziwa mmene tsikuli linkakhalira nthawi ya chipani chimodzi. Khasu osagwira. Chigayo osaliza. Mtondo osasinja. Mwana akaseka mokweza umamutseka pakamwa. Wailesi inkaimba nyimbo za maliro kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo anyamata a malaya ofiira ankayenda m'makwalala kutchera khutu. Ufulu tinkaukumbukira titadzitsekera m'nyumba. Maina a anthu amene anafawo sindinawamvepo. Dzina limene tinkalimva tsiku lonse linali limodzi, ndipo mwini wake anali moyo.

Tsono chaka chimenecho chinali choyamba boma litasintha. Kwayayo inapatsidwa mphindi zisanu pa pulogalamu, teni koloko m'mawa. Mphindi zisanuzo zinali za a Manda.

A Manda anali mkulu woonda, wotsokomola, mesenjala wopuma ntchito. Ankasungidwa ndi mwana wa mlongo wawo, NyaMoyo, mayi wa mawu akuthwa poimba ndi polankhula pomwe. Iye ankawaitana kuti asibweni, kutanthauza amalume. Mkulu wawo wa a Manda, Yotamu, anali m'gulu la amene anapita ku doko tsiku lija osabwerako. A Manda anapeka nyimbo chaka chomwecho. Anaisunga m'mimba zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, chifukwa nyimbo yotchula dzina la munthu wina inkatha kukugoneka m'chitokosi. Tsopano anaiphunzitsa kwaya, kuti ikaimbidwe pamalo pamene Yotamu anagwera. Adokotala anali atauza NyaMoyo kuti 3 Malichi ina mkuluyo sadzaiona. Iwo eni ankadziwanso.

Tinagwirizana kunyamuka Lachinayi sikisi koloko, kudzera ku Kasungu, chifukwa njira ya kunyanja mvula inali itaiononga. Ndinafika pa tchalitchi chawo nthawi yake. Ndinapeza mulu.

Munthu wakumpoto wokhala ku Lilongwe akamva kuti kuli lole yopita kwawo, kugona sagona. Panali malata. Panali matumba a simenti, njinga ziwiri, makina osokera, zitseko, sofa yofiira ya anthu atatu, ndi bedi lachitsulo limene anati likupita kwa apongozi ku Ekwendeni. Ekwendeni sikunali n'komwe panjira yathu. Ng'oma ndiyo inaiwalika, mpaka wina anaithamangira.

Ndinauza a Gondwe kuti lole siingathe. Anati zonsezi ndi katundu wam'manja. Ndinaloza sofa. Anati sofayo ndi yawo, ndipo ufulu umene tikupita kukakumbukirawu ndi womwewu, wonyamula chimene munthu wafuna. Ndinayang'ana masipuling'i akumbuyo. Anali atagona chagada. Ndikanakana pomwepo. Koma a Manda anali atakhala kale kutsogolo, chipewa pamaondo, maso pamsewu. Ndinaliza injini.

Tinatuluka pa tchalitchi leveni koloko. Tisanafike pa Kanengo anandikhotetsa kulowa ku Mgona kukatenga mlongo wa munthu wina, amene sankaimba koma anali ndi mbuzi.

Dizilo anagula ndi bwana wina wofuna kudzaima pa chisankho. Anaperekanso zitenje za nkhope yake, kuti azimayi akavale poimba, ndipo anapempha kuti nyimbo ya a Manda aionjezere ndime imodzi yomuthokoza. A Gondwe anali atailemba kale ndimeyo. Anaiwerenga tili pa Lumbadzi. Inatchula bwanayo katatu, Yotamu osamutchula. A Manda anangoti nyimboyo inatha mu 1959, ilibe khomo lolowera alendo. Zitenje zija azimayi anayala pa matumba a simenti n'kukhalira. Nkhope ya bwanayo inayenda ulendo wonse pansi pa anthu.

Pa Lumbadzi pomwepo mvula inayamba. Tinaima kumanga tenti. Tentiyo inali yofundira mchenga, ya mabowo ngati sefa. Amene anakhala pa sofa sananyowe. Ndiye mkangano unabuka wa amene ayenera kukhala pa sofa. Anagamula kuti akhalepo a komiti.

Pa Mponela anati mphindi khumi za chimbudzi. Zinakhala ola ndi theka. Oimba besi awiri anasowa. Tinawapeza kuseri kwa msika akudya kanyenya ndi tchipisi, akutsuka kummero ndi chinthu chimene sichinali tiyi. Anati mawu a besi amafuna mafuta. NyaMoyo anawauza kuti akafuna mafuta amwe dizilo wa bwana uja. Anakwera.

Madisi tinadutsa bwino. Pa Bua mbuzi inadya ngodya ya buku la nyimbo.

Kumbuyoko ankaimba njira yonse, za tchalitchi ndi za kwawo. Koma titayandikira Kasungu, kwawo kwa pulezidenti wakale, nyimbo inazima yokha. Palibe anawaletsa. Tinadutsa tauni yonse anthu makumi atatu ali zii, ngati ana a sukulu podutsa pa nyumba ya ahedi. A Gondwe, amene anali pakati pa ine ndi a Manda, anakonza tayi n'kukhala mowongoka. Titatuluka anatsokomola n'kunena kuti masiku ano munthu saopanso kanthu.

A Manda analankhula nane kamodzi, pa Nkhamenya. Anafunsa ngati tikafike. Ndinati tikagona ku Mzuzu, m'mawa n'kutsika. Anati chabwino, chifukwa iwo anamuchedwera kale Yotamu mokwanira.

Tinadutsa pa Jenda cha m'ma faifi. Patsogolo pang'ono, pa kamsika kena ka sitolo zinayi ndi chigayo, panali dzenje lodzaza madzi. Ndinaliona mochedwa. Ndinamva phwaa! kumbuyo, lole n'kupendekera kumanzere. Sipuling'i yaikulu inathyoka pakati, ndipo chitsulo chogwirira chinang'ambika pa tchesisi. Sofa inatsetsereka ndi komiti yonse.

Palibe anavulala. A Gondwe anatsika n'kufunsa ngati sindingamange ndi waya. Ndinati angayese ndi tayi yawo.

Anthu a pamsikapo anati pali mmisiri wowotcherera zitsulo, a Zimba, ali ndi jenereta yawoyawo. Koma anali atapita ku maliro kutali, abwera mawa m'mawa. Galimoto zopita ku Mzuzu zimene zinadutsa zinali zodzaza, zina sizinaime n'komwe. Tinagona m'tchalitchi cha pafupi, amuna uku akazi uku. Ine ndinawerengera: a Zimba akayamba sikisi koloko, ikamakwana seveni tanyamuka, teni koloko tili pafupi. Mwambo wa boma suyamba nthawi yake. Zikanatheka.

Kunacha pa 3 Malichi. Kamsika kanali ngati manda. Sitolo zotseka, chigayo chili chete, pa mjigo palibe munthu. M'nyumba ina wailesi inkalira nyimbo ya maliro motsitsa.

A Zimba tinawapeza atakhala pa khonde la shedi yawo, manja pamaondo. Munthu wamfupi, wa mapewa otakata. Dzanja lamanzere linali ndi zala ziwiri zokhota. Anabwera kudzaona lole, analowa pansi, anatuluka. Anati ndi ntchito ya ola limodzi. Anati aigwira mawa.

A Gondwe anaseka, kuyesa nthabwala. A Zimba sanaseke. Anati lero ndi 3 Malichi, chitsulo sagogoda.

Apa a Gondwe anapeza mpingo. Anatulutsa mapepala a mawu amene anakonza kukalankhula ku Nkhata Bay, masamba asanu ndi limodzi, n'kuyamba kuwawerengera a Zimba. Anafotokoza za riferendamu. Anafotokoza za matipate ndi malamulo atsopano. Anati zomangana pa 3 Malichi zinapita ndi boma lakale. A Zimba anamvetsera mpaka tsamba lomaliza, mwaulemu. Kenako anakweza dzanja la zala zokhota lija. Anati chaka china pa tsiku ngati lomweli anawongola pedulo ya njinga ya munthu amene ankathamangira ndi mwana ku chipatala. Anagogoda katatu. Anyamata a malaya ofiira anamva. Anaika dzanjalo pa chitsulo chomwecho n'kugogodanso katatu.

“Boma linasintha ku Lilongwe, bwana,” anatero. “Amene anandimenya ali pompano. Nyumba yake ndi iyo ya chitseko chobiriwira. Anangosintha malaya. Pano ndi wapampando wa chipani chatsopano.”

A Gondwe anapinda mapepala awo.

Seveni koloko inakwana. Eyiti inakwana. Ena anamunyengerera ndi ndalama, anakana. Ndinapempha kuti andibwereke makinawo ndiwotcherere ndekha. Anati jenereta ikalira ndi dzina lawo limene limveke, osati langa. Tinaimika kagalimoto kena kuti katenge a Manda okha. Dalaivala wake anati akhoza kukwera pamwamba pa matumba a chimanga. NyaMoyo anayang'ana mkuluyo, anayang'ana mitambo, anakana. Oimba besi anagona pa sofa m'mbali mwa msewu. Mbuzi inamaliza buku lija.

A Manda anali atakhala pa sitepe ya lole, wotchi m'manja. Itakwana naini anaiika m'thumba. Anaitana NyaMoyo.

“Tenga ng'oma.”

“Asibweni, pano?”

“Teni koloko ikwana pano ngati mmene ikwanire uko. Yotamu sanali munthu wosankha malo.”

A Gondwe anati sizili pa pulogalamu. Palibe anawamva. Kwaya inaima m'mizere pakati pa malata ndi simenti, ena opanda nsapato. A Manda anaima kutsogolo atagwira chitseko cha lole. Anayamba okha, mawu aang'ono onjenjemera. Kenako ng'oma. Kenako onse.

Nyimboyo inali ya Chitonga. NyaMoyo anandimasulira pambuyo pake. Ilibe mawu ambiri. Imati: Yotamu, unabwereka malaya anga oyera kuti ukaoneke bwino ku doko. Malaya sanabwere, iwenso sunabwere. Amayi akufunsa pakhomo, ndiwauze chiyani? Basi. Yongobwereza. Mulibe mawu akuti ufulu ngakhale amodzi.

Ng'oma itangolira, zenera la nyumba ina linatsekedwa. Mayi wina anatuluka kukokera ana m'nyumba. Wailesi ija inazimitsidwa. Kwa kanthawi kwaya inkaimbira zitseko. Kenako nkhalamba ina yaikazi inatuluka ndi ndodo, inabwera pang'onopang'ono n'kukhala pansi pafupi ndi ng'oma. Ena anatsatira, mmodzimmodzi, akuyang'ana ku chitseko chobiriwira.

Ine ndinali pafupi ndi a Zimba. Ankamvetsera mutu uli pansi. Nyimbo itatha anandifunsa kuti ng'omayo ingamveke mpaka pati. Ndinati mpaka kuseri kwa chigayo. Anafunsa ngati anthuwa angathe kukweza kuposa pamenepo. Ndinati awa ndi a Prezibeteriya, akhoza kudzutsa akufa.

“Auzeni asasiye,” anatero. “Akasiya, nanenso ndisiya.”

Anakoka jenereta kuibweretsa kuseri kwa lole, naifunditsa matumba. Ine ndinaika jeke. Ndinakodola NyaMoyo n'kumuuza. Anandiyang'ana ngati ndapenga, kenako anatembenukira kwaya n'kukweza dzanja. Anayambanso. A Zimba anadikira mpaka besi italowa, n'kukoka chingwe.

Kunena zoona, jenereta ija inkamveka. Ngakhale wogontha akanaimva. Moto wowotcherera unkaoneka mpaka kumsewu. Koma anthu onse a pamsikapo anayang'ana kwaya, msana ku lole, ngati agwirizana. Wina akafuna kucheuka mnzake ankamugunda ndi chigongono. Pofika kachitatu anali ataigwira nyimboyo. Pofika kachisanu ankaimba okha, azimayi akulira, ndipo nkhalamba ija inayamba kuikamo maina ake. Pamene pali Yotamu inkatchula munthu wina, amene anatengedwa ndi galimoto chaka china osabwerera. Wina kumbuyo anatchulanso wake. Maina anachuluka. Sindinkadziwa kuti kamsika ka sitolo zinayi kangasowe anthu ambiri chotero.

Chitseko chobiriwira chinatseguka.

Anatuluka bambo wonenepa, malaya a chitenje cha chipani chatsopano, chipewa kumutu. Anayenda molunjika kwa ife. Pansi pa lole a Zimba anazimitsa moto. Nyimbo inayamba kufooka. A Gondwe, amene anatiphunzitsa za matipate m'mawa wonse, anapezeka ali kuseri kwa sofa akumanga chingwe cha nsapato.

Bamboyo anafunsa kuti mtsogoleri ndani. Anafunsanso kuti chilolezo chochita msonkhano pa tsiku ngati lino anapereka ndani.

A Manda anasiya chitseko cha lole n'kuima okha.

“Anapereka ndi mkulu wanga, Yotamu Manda.”

“Ali kuti iyeyo? Ndi ndani m'chipani?”

“Ali ku Nkhata Bay. Anamuombera pa doko mu 59. Tsikuli ndi lake. Ngati pali mlandu, kamufunseni.”

Bamboyo anayang'ana a Manda. Anayang'ana anthu a kwawo, amene tsopano ankamuyang'ana iye, osati pansi. Anayang'ana miyendo ya a Zimba yotulukira pansi pa lole. Kenako anavula chipewa. Anati iyenso wakhala akunena kuyambira kale kuti tsikuli liziimbidwa. Nkhalamba ija inaseka mpaka kutsokomola.

NyaMoyo anakweza dzanja. Ng'oma inalira. Pansi pa lole moto unayakanso. Ulendo uno a Zimba anatulutsa hamala n'kugogoda chitsulo poyera, motsatira ng'oma. Sikuti pankafunika kugogoda kwambiri chotero. Ine ndimadziwa ntchito. Ndinangowasiya.

Ntchito ya ola limodzi inatenga maola awiri ndi theka, chifukwa ndodo zowotcherera zinatha, mpaka anakabwereka kwa mwini chigayo. Nthawi yonseyo kwaya sinasiye. A Manda anaimba mpaka mawu anauma, kenako ankangoyendetsa milomo. A Gondwe anatuluka kuseri kwa sofa n'kupempha kuti alankhule mawu ochepa m'malo mwa komiti. Wa chitseko chobiriwira anapemphanso chimodzimodzi. Anakangana za woyamba. Tinapakira katundu akukanganabe.

Ndinakana kunyamula simenti ndi bedi. Ndinati asankhe, simenti kapena Nkhata Bay. Zinatsala m'shedi ya a Zimba. Sofa anaikakamira.

Ndinadutsanso pa kamsikako patapita zaka ziwiri, tsiku ngati lomwelo, ndi lole ya fetereza. Chigayo chinkalira. A Zimba ankawotcherera ngolo pabwalo, akuimba za malaya oyera, mawu ake atawasokoneza. Bedi lija ankagonera iwo.

Koma za tsikulo. Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Ku Chikangawa kunali nkhungu, ndinayenda ngati kamba. Pa Mzuzu anthu theka anatsika ndi malata awo, ati akafika mawa. Tinatsika mapiri ndi giya yoyamba, mabuleki akununkha. Tinafika ku Nkhata Bay faifi koloko.

Tinapeza akupakira mipando. Pansi panali mabotolo ndi mapepala. Mlonda wa pamalopo anatiuza kuti mwambo unayamba wani koloko, podikira olemekezeka. Olemekezeka atafika analankhula asanu, aliyense kuposa mnzake. Makwaya asanu ndi awiri anadikira padzuwa ndi mayunifomu awo. Nthawi itatha anawauza kuti adzaimba chaka chamawa. NyaMoyo anafunsa ngati maina a anthu amene anafa anatchulidwa. Mlondayo anaganiza. Anati maina anatchulidwa ambiri, koma eni ake onse anali pa nsanja.

A Gondwe anati ichi n'chipongwe, alemba kalata.

A Manda sanamve zimenezo. Anali atayamba kale kuyenda kulowera ku doko. Miyendo inkakana, ndiye ndinawagwira mkono, NyaMoyo mbali inayo. Anayenda akuyang'ana pansi, ngati munthu wofuna ndalama imene anataya. Pena pake, pafupi ndi mpanda, anaima. Panalibe chizindikiro chilichonse. Udzu ndi miyala.

Otsala a kwaya anabwera ndi ng'oma. NyaMoyo anafunsa ngati ayambe. Mkuluyo anapukusa mutu. Anati yaimbidwa kale, ndipo anthu aitenga. Anavula chipewa. Anayesa kulankhula, mawu osatuluka. Anayesanso. Ine ndinali pafupi, ndiye ndinamva.

“Yotamu, ndine. Malaya aja khala nawo.”

Anavala chipewa n'kundiuza kuti ndikalize galimoto.